Chuku cha M'chipinda cha Telala

Anzake a kuntchito ankamutchula Nachuku, ndipo iye anasiya kalekale kukwiya nalo dzinalo. Ntchito yake pa bungwe la kafukufuku inali yofufuza mitundu ya chuku, tizomera tija timamera pa buledi woiwalika m'kabati, pa nsapato zosungidwa ponyowa ndi pa mbewu zosauma bwino. Anthu ena akaona chuku amakwinya nkhope n'kutaya chinthucho. Iye ankachinyamula mosamala, n'kukachiika pansi pa maikulosikopu, n'kumachiyang'ana mpaka khosi kuuma.

Ankakhala m'nyumba za bungwe lomwelo, mdadada wosanjikizana womwe unali kuseri kwa maofesi. Ankakhala ndi bambo ake. Bambowo anali telala moyo wawo wonse, koma mayi atamwalira, maso nawo atayamba kuchita chifunga, Nachuku anakawatenga pamodzi ndi makina awo osokera. Anawapatsa chipinda chakumbuyo, momwe masana ankasokeramo timabowo ta zovala za ana a anthu oyandikana nawo, kungoti manja asaiwale.

Vuto linali khoma la chipindacho. Paipi yochokera kubafa la nyumba yapamwamba inkadutsa mkati mwake, ndipo inali itang'aluka penapake. Khomalo linkatuluka thukuta chaka chonse. Penti inachita matuza, n'kuyamba kusupuka, kenako panabwera chibanga chakuda chobiriwirako chomwe chinkakula ngati pali wochidyetsa. Bambo anali ndi mphumu kuyambira unyamata wawo, ndipo tsopano ankapuma ngati mvukuto wobooka. Nachuku anawapempha kuti asinthane zipinda.

"Ine kukagona kuchipinda kwa mwana wanga wamkazi?" anatero bambowo. "Iai, mwanangu. Ingowauza eni ake akonze paipiyo basi."

Woyang'anira nyumbazo anthu ankamutchula a Tibwera, chifukwa ndilo liwu lomwe linkatuluka m'kamwa mwawo munthu asanamalize n'komwe kudandaula. Ulendo woyamba pulambala anali ku maliro. Ulendo wina pulambala analipo koma makwerero anali atabwerekedwa. Nyengo ya mvula inadutsa, yozizira inalowa, Nachuku akungokwera ndi kutsika masitepe a ofesi imeneyo. Tsiku lina a Tibwera anatopa naye. Anavula magalasi, n'kuyankhula mokweza kuti alembi awiri a m'chipindamo amve bwino.

"Komanso, mayi, nyumba imafuna kuisamala. Muzitsegula mawindo, muzikolopa. Si zonse zofuna pulambala ayi. Zina ndi ukhondo chabe."

Mlembi mmodzi anabisa nkhope kuseri kwa kompyuta. Nachuku anamva makutu ake akutentha. Iye amene ankatsuka khomalo ndi mankhwala Loweruka lililonse mpaka zala kusupuka, lero akuuzidwa za ukhondo ndi munthu woti kolala ya malaya ake inali bii. Nachuku anapita ku labotale, anatenga kampeni ndi timabotolo toyera, n'kulunjika kunyumba.

Bambo anamupeza atagwada pakhoma, akupala chibangacho.

"Kodi tayamba kukolola?" anafunsa.

"Ndikufuna ndikawauze a Tibwera dzina lenileni la uve wangawu, bambo. Ndikawaonetse ndi zithunzi zomwe."

Cholinga chake chinali chokhacho. Ankayembekeza kupeza chuku wamba cha makoma onyowa, chomwe akanatha kuchitchula atatsinzina. Anafesa zomwe anapalazo m'timbale tagalasi tokhala ndi chakudya chonga phala louma, n'kutiika m'kabati yofunda. Patatha sabata ndi masiku angapo, m'timbalemo munamera ubweya wobiriwira moderako, koma kunsi kwake kunali kofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Zimenezo zinamudabwitsa pang'ono. Anatapa kachidutswa, n'kukaika pa maikulosikopu, n'kusuzumiramo.

Timbewu ta chuku chimenechi tinali topindika ngati mbedza, kalikonse kogawika zipinda zitatu, ndipo kunsonga kwake kunali katsitsi kamodzi kowonda. Tinkabadwa mondondozana pa kaphesi kokhala ndi nthambi ngati zala za dzanja. Nachuku anatsegula mabuku ake onse. Panali mitundu yofananako, koma uwu timbewu take n'towongoka, uwo tilibe tsitsi, winawo sumera pozizira. Anaganiza kuti mwina wadetsa mbale zake yekha, choncho anakapalanso m'munsi mwa khoma, pakati ndi pamwamba. Ponseponse panatuluka chomwecho.

Miyezi yotsatira anaithera pa ntchito imene anthu ambiri sangaipirire. Anayeza kutalika ndi kunenepa kwa timbewuto mpaka maso kulira misozi. Anatijambula ndi pensulo komanso ndi kamera. Anachimeretsa potentha ndi pozizira, pa zakudya zosiyanasiyana, kuti aone khalidwe lake. Kenako anatenga DNA yake n'kutumiza zotsatira kwa mphunzitsi wake wakale, mayi wachikulire wa ku yunivesite ya dziko lina, amene ankalidziwa bwino banja limeneli la chuku. Mphunzitsiyo anaimba foni m'mawa wina.

"Mwana wanga, ndafufuza paliponse pomwe ndikudziwa. Chimenechi sichinalembedwepo ndi munthu. Ndi mtundu watsopano, ndipo ndiwe woyamba kuuona. Uumitse mbale imodzi ikhale chitsanzo chosungidwa, ulembe bwino kumene unachipeza, usankhe dzina."

Nachuku anavina yekha mu labotale, atavala chikhoti chake choyera. Anthu ambiri amapuma pantchito imeneyi asanapezepo mtundu ndi umodzi womwe. Koma madzulo, akukwera masitepe a kunyumba, anamva bambo ake akutsokomola asanafike n'komwe pakhomo, ndipo chimwemwe chonse chija chinasanduka mwala pachifuwa.

Bambo atamva nkhaniyo anaseka mpaka chifuwa kuwabanika.

"Ndiye kuti masiku onsewa ndimagona ndi mlendo wolemekezeka? Dziko lonse lapansi palibe wina ali naye?"

"Amene tikumudziwa palibe, bambo."

"Ndiye ukawauze akuluakulu akowo. Mwina akamva kuti kuno kuli mlendo, abwera kudzamuona."

M'mawa mwake anapita kwa Bwana Mkulu wa bungwelo. Ofesi yawo inali ya kapeti yofewa ndi mpweya wozizira wa makina, ndipo makoma ake anali ouma gwa, odzaza zithunzi za iwowo akugwirana chanza ndi anthu ovala masuti. Atamva za mtundu watsopano anaimirira, n'kumugwira dzanja ndi manja awiri. Anamutchula Dokotala, chinthu chomwe anali asanachitepo chiyambire. Anati bungwe lakhala likufuna nkhani yabwino ngati imeneyi, ndipo aitana atolankhani.

"Ndiye munachipeza kuti, Dokotala? Kunkhalango?"

"Pakhoma la chipinda cha bambo anga, bwana. M'nyumba zathu zakuserizi. Paipi yakhala ikudontha mkati mwa khomalo chaka ndi miyezi, ndipo ndadandaula mpaka kutopa."

Bwana Mkulu anakhala pansi pang'onopang'ono. Anasuntha cholembera kuchoka mbali ina ya tebulo kupita mbali ina.

"Apopo ndiye tikonzepo pang'ono," anatero. "Pepala lomwe mulembe la chukuchi liwerengedwa ndi anthu a kunja, ena mwa iwo ndi amene amatithandiza. Tilembe kuti munachipeza pa khungwa la mtengo waukulu uja wa pageti. Ndi malo athu omwewo, kusiyana kwake ndi mayadi ochepa."

"Sichimera pamtengo, bwana. Ndinayesa kuchifesa pa makungwa, chinakana."

"Chuku ndi chuku, mayi. Chidziwa bwanji komwe chabadwira?"

"Icho sichidziwa, koma anthu adzawerenga. Wina akadzafuna kuchipezanso adzapala mitengo mpaka ukalamba osachiona. Zolembedwa pa mtundu watsopano sizifufutidwa, bwana. Bodza limenelo lidzakhalapo ine ndi inu titafa."

Bwana Mkulu anamwetulira ngati akuyankhula ndi mwana wovuta kudya. Kenako anatembenukira ku nkhani ya dzina. Anati akudziwa kuti mwambo wake sulola wolemba pepala kutcha chamoyo dzina lake lomwe, choncho iwo akudzipereka kuti asalembedwe m'gulu la olemba. Anabwereza kawiri mawu akuti kudzipereka. Nachuku anamva bwino lomwe zomwe ankatanthauza: munthu amene anali asanasuzumirepo mu maikulosikopu yake ankafuna chukucho chitchedwe dzina lake, koma chisamuke kaye pakhoma lake lovunda chikakhale pamtengo.

"Pitani mukaganize," anatero Bwana Mkulu. "Zapaipizo zisiyeni m'manja mwanga."

Sabata isanathe, foni yake inalira masana ali mu labotale. Anali mayi wa nyumba yapamwamba, mkazi wa dalaivala wa bungwe.

"Achemwali, bwerani kuchipatala msanga. Bambo akomoka. Ine ndi amuna anga tawatengera konkuno."

Nkhani yonse anaimva m'khonde la chipatala. A Tibwera anali atafika m'mawa umenewo, Nachuku atangochoka, ali ndi amuna awiri onyamula zidebe. Pulambala panalibe. Amunawo anapala khoma lonse louma ndi lonyowa lomwe, fumbi lakuda n'kudzaza nyumba, kenako anapakapo penti yamafuta yonunkha kwambiri. Palibe anawauza bambo kuti atuluke. Iwo, poona alendo m'nyumba mwa mwana wawo, anawaphikira tiyi, n'kukhala pampando pabalaza kuti asaoneke amwano. Mayi wapamwambayo anawapeza atagwa pakhomo, milomo itada.

Bambo anali pabedi, chipangizo cha mpweya chitaphimba mphuno ndi kamwa. Atamuona anachikweza pang'ono.

"Abweratu lero, mwanangu," ananong'ona.

Nachuku anawabwezera chipangizocho pankhope. Atapita kunyumba kukatenga bulangeti ndi zovala, anapeza khoma lili mbee, lonyezimira ngati mbale yatsopano. Anagundikapo chikhato. Pansi pa penti yosauma bwinoyo panali pozizira, ndipo m'munsi, pafupi ndi simenti, kadontho ka madzi kanali katatulukira kale.

Sanapite kuchipatala mwachindunji. Analowera ku maofesi bulangeti lili kukhwapa. Mlembi anamuuza kuti Bwana Mkulu ali pa msonkhano ndi akuluakulu a nthambi, koma iye anangokankha chitseko. Anthu onse anatembenuka. A Tibwera analinso momwemo, bisiketi ili m'manja.

"Paipi mwakonza?" anafunsa Nachuku.

"Dokotala, tili pa msonkhano," anatero Bwana Mkulu.

"Ndikuona. Ndafunsa ngati paipi mwakonza. Ndayenda chaka chathunthu kupempha pulambala, simunampeze. Koma opaka penti mwawapeza m'masiku ochepa. Mwapala khoma munthu wa mphumu ali m'nyumba, osandiuza, osamutulutsa. Panopa akupumira m'botolo kuchipatala."

"Pepani kwambiri ndi matendawo. Koma inu ndinu wasayansi, mayi. Muli ndi umboni woti chuku chanucho ndi chimene chikudwalitsa bambo anu?"

"Ndilibe, ndipo sindinanenepo zimenezo. Umboni womwe ndili nawo ndi woti chimamera pakhoma lonyowa, ndipo khomalo ndi lanu. Za fumbi ndi penti akuuzani adokotala a kuchipatala."

Anayang'ana anzake omwe anazungulira tebulo. Ena anaphunzira nawo limodzi, ena ankadya nawo nkhomaliro tsiku ndi tsiku, ndipo angapo ankakhala mu mdadada womwewo. Onse anali atapeza chinthu chosangalatsa m'makapu awo a tiyi. Zimenezo zinamuwawa kuposa mawu a Bwana Mkulu, amene anamaliza motsitsa mawu kuti nyumba ya bungwe ndi chisomo chabe, si ufulu wa wantchito, ndipo pali ambiri amene akuidikirira.

Madzulo a tsiku lomwelo mchimwene wake, amene ankagwira ntchito mu mzinda wina, anafika kuchipatala. Atamva zonse anamukokera pambali.

"Mlongo, usalimbane ndi anthu amenewa. Mtengo ndi khoma zikusiyana pati? Lemba mtengowo, umupatse dzina akufunalo, paipi ikonzedwe, bambo apeze pogona. Ndani adzabwere kudzafunsa za kachinthu kosaoneka ndi maso?"

Nachuku sanagwirizane nazo, komabe mawuwo anamulowa. Mwina kuuma mutu kwake n'kumene kukanasowetsa bambo ake denga. Patapita masiku, bambo atayamba kupuma okha, anawafotokozera zonse, n'kuwafunsa maganizo awo. Bambowo anasisita m'mphepete mwa bulangeti ndi chala ngati akufufuza msoko.

"Ine pamtengopo sindinagonepo," anatero. "Ndagona pakhomapo. Ukalemba mtengo, ndiye kuti kutsokomola konse kuja ndimanamizira?"

Nachuku analemba pepalalo pamodzi ndi mphunzitsi wake. Pa malo opezeka analemba kuti pakhoma lonyowa la chipinda chogona, pansi pa paipi yodontha, m'nyumba za ogwira ntchito za bungwe lake. Dzina anasankha la Chilatini, monga mwa lamulo lake, ndipo tanthauzo lake linali lakuti cha m'chipinda cha telala. Bambo atatuluka m'chipatala anapita kukakhala kaye kwa mchimwene uja, chifukwa Nachuku analumbira kuti m'chipinda chimenecho sadzagonamonso.

Pepalalo linatenga miyezi kuti lituluke. Litatuluka, Nachuku ankaganiza kuti Bwana Mkulu achita manyazi n'kukhala chete. Anali asanawadziwe bwino. Bwana Mkuluwo anaitanitsa atolankhani m'holo ya bungwe, anakongoletsa tebulo ndi maluwa, n'kupachika chithunzi chachikulu cha timbewu topindika tija, chomwe Nachuku anajambula. Anayankhula nthawi yaitali za utsogoleri wabwino umene umabala zipatso zotere. Anati mtundu watsopanowu wapezeka konkuno, pa malo athu okongolawa. Nachuku sanapatsidwe mpando kutsogolo. Anaimirira kumbuyo pafupi ndi tebulo la zakumwa, mano ali gwa.

Nthawi ya mafunso, mtolankhani wina wamkazi anakweza dzanja. Anati wojambula wake akufuna chithunzi cha malo enieniwo, kodi angawaone? Bwana Mkulu anayamba kufotokoza kuti malo a kafukufuku ali ndi malamulo ake.

"Bwerani ndikuonetseni," anatero Nachuku ali kumbuyoko. "Ndi kunyumba kwanga, kiyi ndili naye."

Anatuluka osayang'ana m'mbuyo, ndipo anamva mipando ikusunthidwa. Anadutsa nawo pabwalo, kuseri kwa maofesi, pa zingwe zoyanikapo zovala, n'kukwera masitepe. Penti yoyera ija inali itachita kale matuza, ina italendewera ngati chikopa chakupsa. Chibanga chinali chitabwerera, chachikulu kuposa kale. Wojambulayo anatseka mphuno ndi mpango, n'kuyamba kujambula. A Tibwera anaima pakhomo akupukuta thukuta, akuuza aliyense amene angamve kuti pulambala anali kale m'njira.

Nkhaniyo inatuluka m'nyuzipepala, anthu anaikamba masiku angapo, kenako inazirala. Bwana Mkulu sanachotsedwe, a Tibwera sanasunthidwe. Akuluakuluwo sanathe kumuchotsa ntchito Nachuku, popeza dzina lake linali litamveka, koma anamuuza kuti nyumba yakeyo ikufunika kukonzedwa kwambiri, choncho atulukemo mwezi usanathe. Ina yoti alowemo panalibe. Ulendo wa ku msonkhano wa akatswiri, komwe anaitanidwa kukafotokoza za chukucho, unapatsidwa kwa munthu wina wa nthambi ya nthaka.

Anapeza kanyumba ka lendi kutali ndi ntchito, kokwera mabasi awiri, koma kouma. Tsiku losamuka bambo anaumirira kubwera ndi mchimwene uja kuti adzaone makina awo akunyamulidwa. Anali atawonda, ndipo masitepe anawakwera mopumira. Anaima pakhomo la chipinda, osalowa. Amuna a lole atagwira tebulo la makinawo kuti alinyamule, mbali yomwe inatsamira khoma inangophwanyika m'manja mwawo ngati buledi wonyowa. Thabwa lonse lakumbuyo linali litavunda, lakuda mkati, ndipo kabati kosungiramo ulusi kanagwa pansi, timaulusi n'kumwazika, tonse tobiriwira ndi chuku.

Bambo anagula makina amenewo asanakwatire. Ana awo onse anaphunzira sukulu ndi phazi lawo likupalasa pamenepo. Anayang'ana zidutswazo nthawi yaitali, Nachuku akudikira kuti anene nthabwala ngati mwa masiku onse. Sananene.

"Mutu wake ukadali bwino," anatero pomaliza. "Masulani mutuwo, zinazo zisiyeni."

"Sitisiya kanthu, bambo," anatero Nachuku.

Anatolera yekha matabwa ovundawo, ulusi ndi miyendo yachitsulo yadzimbiri, n'kuzikweza pamwamba pa katundu yense. Lole itafika pa maofesi anauza dalaivala kuti aime. Mchimwene wake anamugwira mkono, koma iye anauchotsa. Anatsitsa zinthuzo chimodzichimodzi, anakwera nazo masitepe, n'kuziunjika pakhomo penipeni pa ofesi ya a Tibwera, moti chitseko sichikanatseguka popanda kuzisuntha. Alembi aja anasuzumira pawindo. Iye anasasa manja, anawapatsa moni mwaulemu, n'kutsika.

M'lolemo bambo anakhala pakati, mutu wa makina uli pamiyendo pawo, atauphimba ndi jekete. Atatuluka pageti anafunsa ngati kunyumba yatsopanoyo kuli kalipentala wodziwa ntchito. Nachuku anati afunsa kwa eni nyumba akangofika.